Galasi Loyang'ana Kukhitchini

Lieselot ankadyera magalasi. Ntchito yake inali yokongoletsa nyumba za anthu, koma mumzinda wa Gent ankadziwika ndi chinthu chimodzi: kutenga galasi lakale la felemu yagolide n'kulipachika pakhoma loyera la nyumba yamakono, pamalo pamene mwini nyumba sakanaganizirapo. Makasitomala ake ankawauza kuti galasi si lodziyang'anirapo nkhope ayi, ndi zenera limene mmisiri anaiwala kuboola. Ukaliika bwino limatenga kuwala kwa kuseri n'kukuponya pakati pa nyumba, pamene dzuwa silifika.

Nyumba yakeyake anaimaliza mochedwa, monga amachitira amisiri onse. Iye ndi mwamuna wake Wannes anagula kanyumba kopapatiza pafupi ndi ngalande, n'kugwetsa makoma a pansi, kusiya chipinda chimodzi chachitali. Tebulo linali pakati, khitchini kumapeto itakhotera kumanzere, moti munthu wokhala patebulo saona mapoto. Chomwe chinatsala ndi galasi. Analipeza pamsika wa zinthu zakale ku Lille, lalitali kuposa Wannes, felemu yake yosemedwa masamba ndi timaluwa, golide wake atayamba kusupuka m'makona.

"Lipendeketse pang'ono," anatero Lieselot tsiku lolipachika, ali chilili pakati pa chipinda, Wannes ali pamakwerero. "Ayi, wapitirira. Bweza."

"Lies, mkono wanga wafa kale uwu."

"Bweza pang'ono basi. Pomwepo! Usapume."

"Ukanakwatiwa ndi msomali bwenzi ukusangalala iwe."

Koma atatsika anangoti kukamwa yasa. Kuwala kwa zenera lalikulu la kukhitchini kunali kutagwera pagalasipo n'kumwazikira patebulo, ndipo chipinda chimene chinali chamdima chiyambire chinaoneka ngati achivula denga.

Masiku amenewo Lieselot ankafuna ntchito ina yaikulu. Banja la a Roelandt linali litamanga nyumba ku Latem, kunja kwa mzinda, yasimenti ndi magalasi okhaokha, ndipo mayi a m'nyumbamo ankadandaula kuti mukuzizira ngati m'chipatala. Asanasankhe wokongoletsa, anati akufuna aone mmene Lieselot amakhalira kwake. Anagwirizana kuti adzadye nkhomaliro Lamulungu.

"Lamulungu lake liti?" anafunsa Wannes. "Lomwe akubwera bambo ako?"

Lieselot anali ataiwala. Bambo ake, a Cyriel, anali asanaione nyumbayo chimalizireni, ndipo Wannes ndiye anawaitana.

"Tiwauze abwere sabata inayo."

"Uwauze wekha. Uwauze kuti adikire chifukwa kukubwera anthu enieni."

"Sindinatero ine."

"Ndiye asiye abwere."

A Cyriel anali bambo wamasiye wa m'katauni ka Eeklo. Moyo wawo wonse anagwira ntchito m'fakitale yoluka nsalu, ndipo atapuma anangotsala ndi nkhunda zawo zampikisano. Ankalankhula chilankhulo cha kwawoko, chomeza mawu, chimene anthu a mumzinda amachiseka, ndipo ankalankhula mokweza ngati makina akali kulira pambali pawo. Lieselot anachitaya chilankhulocho chaka choyamba cha ku koleji. Bambo akewo ankawakonda, izi palibe amene akanatsutsa. Kungoti ankawakonda ali ku Eeklo.

Lamulungulo a Roelandt ndi akazi awo anayamba kufika. Mayiwo, wamtali wovala zotuwa, anaima kutsogolo kwa galasi nthawi yaitali, kenako anati, "Ndimafuna zimenezi ine." Mtima wa Lieselot unakhala pansi. Ndiye belu linalira.

Poyamba sanawazindikire bwino bambo ake. Anali atavala jekete yatsopano yowakulira m'mapewa, tsitsi atalinyowetsa n'kulipesa kumbali, m'manja muli katoni ya keke ya mpunga ya kubekale ya kwawo. Anamupsompsona patsaya.

"Lotje wanga, wawonda iwe," ananong'ona m'chilankhulo cha kwawo, akumutchula dzina lake la paubwana. Koma ataona alendo anaongoka, n'kugunditsa zidendene, n'kuwerama pang'ono. "Ndine wokondwa kwambiri kukumana nanu, mayi. Ndine wokondwa kwambiri, bambo."

Mawuwo anatuluka amodziamodzi, osalala, ngati a munthu wowerenga nkhani pawailesi. Lieselot anali asanawamvepo bambo ake akulankhula choncho. Anayang'ana Wannes, koma Wannes anali kutsegula botolo la vinyo.

Patebulo zinapitirira. A Cyriel anatenga kansalu kopukutira pakamwa n'kukasomeka m'kolala ya shati. Tambula ya vinyo ankainyamula kachala kakang'ono kali m'mwamba. Mayi Roelandt akangonena kanthu, kaya za mvula, kaya za msewu wa ku Latem, iwo ankawerama mutu n'kuti, "Zoonadi, mayi. Ndithudi, mayi." Pamene Wannes anabweretsa mphika wa waterzooi, nkhuku ija ya msuzi woyera, anaimirira kuti amuthandize, n'kukhalanso, n'kuimiriranso chifukwa mayi Roelandt anali atadzuka kukatenga chikwama.

Chodabwitsa n'chakuti alendowo sanaoneke ovutika. A Roelandt, munthu wofatsa wamadazi, atamva za nkhunda anasendeza mpando.

"Zoona zimachokera ku France n'kufika pakhomo panu tsiku lomwelo?"

"Ndithudi, bambo. Mphepo ikakhala yabwino, zimafika munthu asanamalize khofi wachiwiri."

"Nanga zimadziwa bwanji njira?"

"Limenelo ndi funso limene ngakhale anthu ophunzira sanaliyankhe mokwanira, bambo."

A Roelandt anaseka mokondwa, n'kufunsanso zina. Wovutika anali Lieselot yekha. Mawu aliwonse a bambo ake ankamuyabwa ngati chitedze. Ankaona kachala kaja, kansalu kaja, jekete ija, n'kumaganiza kuti mayi Roelandt akuona zonsezo ndipo akuwerengera: mwana wa munthu uyu ndiye andikonzere nyumba?

Atatha kudya anatola mbale n'kupita kukhitchini kukadula keke. Mayi Roelandt anamutsatira, ati aone makabati. Anatsegula limodzi, n'kutseka, n'kusisita thabwa lake, kenako anatsitsa mawu.

"Bambo anu ndi osangalatsa bwanji. Anthu aulemu choncho anatha kale."

N'kutheka kuti mayiwo ankanena zochokera pansi pa mtima. Koma Lieselot anamva zina. Anamva ngati akumufunsa kuti kodi iwe uli mbali iti, ndipo anafuna kuyankha msanga. Sanaganize. Anangotenga kansalu kopukutira mbale n'kukasomeka pakhosi, n'kukweza mapewa mpaka m'makutu ngati munthu womira m'jekete, n'kunyamula tambula kachala kali m'mwamba. Anagunditsa zidendene, n'kuwerama.

"Zoonadi, mayi," ananong'ona. "Ndithudi, mayi."

Anawatsanzira bambo ake ndendende, pakuti palibe amene amadziwa kayendedwe ka munthu kuposa mwana wake. Mayi Roelandt anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka ndi phwete. Lieselot ataona kuti zakoma anabwerezanso, ulendo uno n'kuwerama kwambiri.

Podzutsa mutu, maso ake anagwera pagalasi.

Linali apo, kumapeto kwa khoma, litapendekeka mmene analifunira mwini wake. Mkati mwa felemu yagolide munali tebulo lonse, loyera ndi dzuwa la masana. Munali Wannes, foloko ili m'manja. Munali a Roelandt, akuyang'ana m'mbale. Ndipo pakati penipeni panali nkhope ya bambo ake, maso ali pa iye.

Iye ndiye ankaphunzitsa makasitomala kuti njira ya galasi ndi ya uku ndi uku: chimene ukuchiona nacho chikukuona. Analiika kuti litenge za kukhitchini n'kuzipereka patebulo, ndipo linachitadi zomwezo.

Kansalu kaja kanali kakali pakhosi. Anakachotsa pang'onopang'ono. Mayi Roelandt, amene anali atafulatira galasi, anali akusekabe.

"Bwanji? Mwadzicheka?"

"Ayi," anatero Lieselot. "Tiyeni tikapereke keke."

Mtunda wochoka kukhitchini kufika patebulo unali waufupi, koma anauyenda ngati wasenza nyumba. A Cyriel anali atachotsa kansalu kawo m'kolala n'kukapinda bwinobwino pambali pa mbale. Tambula anali ataikankhira kutali. Sanakalipe, sanasinthe nkhope. Analandira keke, n'kudya yonse. A Roelandt anayesa kubwezera nkhani ya nkhunda, koma mayankho anali aafupi. Wannes ankangothira khofi m'makapu odzadza kale.

Khofi atatha, a Cyriel anati sitima yawo yayandikira. Anagwirana chanza ndi alendo, osawerama. Lieselot anawaperekeza pakhomo.

"Ababa..."

Iwo anamanga mabatani a jekete, n'kuyang'ana kumbuyo, kuchipinda kuja.

"Galasi lija mwaliika pabwino," anatero, ndi mawu aja a pawailesi. "Zikomo kwambiri chifukwa cha chakudya. Tsalani bwino."

Chitseko chitatsekeka m'pamene Lieselot anazindikira chimene chinamulasa. Chibadwire chake bambo ake anali asanamutchulepo kuti inu.

Alendo atapita, awiriwo anatsuka mbale ali chete. Wannes ankatsuka, iye akupukuta.

"Nena," anatero Lieselot.

"Ndinene chiyani?"

"Chilichonse. Nditukwane."

"Kuti upepukidwe? Ayi, mayi. Senza wekha."

"Anaona zonse?"

"Koyamba anaseka," anatero Wannes, osamuyang'ana. "Ankaganiza kuti ukuwasonyeza mayi aja gule winawake. Kachiwiri m'pamene anagwira pakhosi pawo n'kupeza kansalu."

Lieselot anaika mbale pansi, n'kukwera kuchipinda. Anatsika ndi nsalu yoyala pabedi, n'kukoka mpando kuti aphimbe galasi.

"Lalakwa chiyani limenelo?" anafunsa Wannes. "Lagwira ntchito yomwe unalilembera."

Nsaluyo anaibweza. Koma sabata yonse ankadutsa m'chipindacho mutu uli pansi, ngati munthu wodutsa pakhomo pa amene anakangana naye. Khofi wa m'mawa ankamwera chiimire kukhitchini, pakona imene galasi silifika.

Anawaimbira foni bambo ake. Anayankha msanga ndithu.

"Ababa, ndine Lotje."

"Eya, Lieselot. Zikomo poimba. Muli bwanji kumeneko?"

"Ababa, za Lamulungu zija..."

"Chakudya chinali chokoma kwambiri. Mupereke moni kwa amuna anu. Pepani, ndili ndi nkhunda m'manja."

Akanamukalipira zikanakhala bwino. A Cyriel ankadziwa kutukwana, ndipo mkwiyo wawo unkatha ngati mvula ya mphepo. Koma ulemu uwu unalibe pogwira.

Ntchito ya ku Latem anamupatsa. Mayi Roelandt anaimba okha, ali osangalala, n'kumuitana kuti akaone makoma. Lieselot anapita ndi tepi yake yoyezera, n'kuyenda m'zipinda zazikulu zozizira, akusonyeza pamene pangakhale galasi lozungulira, pamene pangakhale lalitali lotsamira pansi. Ntchito ankaidziwa, ndipo kwa kanthawi anaiwala zonse. Atafika pamasitepe anati, "Apa pakufunika felemu yosawala kwambiri, golide wakale wozimirira."

Mayi Roelandt anagunditsa zidendene, n'kukweza kachala, n'kuwerama.

"Zoonadi, mayi! Ndithudi, mayi!"

Anaseka, akudikira kuti mnzawo aseke nawo. Ndipo chimene chinamunyansa Lieselot koposa n'chakuti milomo yake inayamba yokha kumwetulira, mwachizolowezi cha munthu wosafuna kukhumudwitsa kasitomala. Anaigwira. Bambo ake anali atafika m'nyumba ya eni, nyumba imene sanapondemo, ndipo anawabweretsa ndi iyeyo.

"Chonde, musamatero," anatero motsitsa. "Aja ndi bambo anga."

Mayiwo anadabwa, kenako nkhope inauma pang'ono.

"Pepani. Koma munayamba ndinu."

Lieselot anamaliza kuyeza makoma, n'kutsanzika. M'galimoto anakhala nthawi yaitali asanalize injini.

Loweruka masana anapita ku Eeklo. Sanawauze kuti akubwera, poopa kuti amuuza mwaulemu kuti ali otanganidwa. Anazungulira kuseri kwa nyumba, kumene kuli khola la nkhunda. A Cyriel anali momwemo, atavala chovala chawo chantchito chabuluu chothimbirira ndi zitosi, akugwira nkhunda imodziimodzi, kuitambasula phiko, n'kuiika m'dengu. Loweruka ndilo tsiku lokapereka nkhunda za mpikisano wa mawa lake.

"Mwatipeza," anatero atamuona. "Mukanaimba, bwenzi nditagula keke."

"Ababa, ndabwera kudzapepesa."

"Palibe chopepesa. Samalani nsapato zanu, pansi apa m'pauve."

"Ndinachita zopusa. Ndinkaopa kuti mayi aja... sindikudziwa chimene ndinkaopa. Ndilibe chonena chodziikira kumbuyo."

A Cyriel anayang'anitsitsa diso la nkhunda imene inali m'manja mwawo, ngati yankho lili m'menemo. Anaiika m'dengu n'kutseka.

"Mwabwera pa galimoto?"

"Eya."

"Ndiye mundithandize kunyamula madenguwa. Njinga yanga yaphwa."

Anaika madengu awiri pampando wakumbuyo, nkhunda zikulira chapansipansi, n'kupita kubala ya a Godelieve, kumene a bungwe la nkhunda amasonkhana chiyambire Lieselot ali mwana. Kuseri kwa balayo kunali chipinda chimene amalembetsera mbalame, ndipo atamaliza zimenezo amuna onse anabwerera kutsogolo kukamwa. Ambiri anali okalamba, zipewa zili kumutu. A Godelieve, mayi wonenepa wa mawu aakulu, anamuzindikira nthawi yomweyo.

"Si Lotje uyu? Mwana iwe, wasochera? Kapena ku Gent mowa watha?"

"Wadzatipachikira galasi lagolide," anatero a Omer, mnzawo wa a Cyriel wa kufakitale, munthu wowonda wa ndevu zoyera. "Godelieve azidziona mmene akutibera mowa potidzazira thovu."

"Iwe ukadziona pagalasi ungasiye kutuluka m'nyumba," anayankha a Godelieve.

Anthu anaseka. Lieselot anayesa kumwetulira. Apo a Cyriel anagogoda tebulo ndi tambula yawo. Tsopano ankalankhula chilankhulo cha kwawo, mokweza monga mwa masiku onse.

"Tamverani, anyamata. Mwana wangayu simukumudziwa bwino. Kupatula magalasi, ndi katswiri wa zisudzo. Amatha kusanduka ine."

"Ababa, chonde."

"Ndinamuona ndi maso angawa. Godelieve, tabwereka kansalu ako ako."

A Godelieve anaponya kansalu kopukutira matambula. A Cyriel anakatambasula n'kumupatsa mwana wawo. Sankamwetulira, koma sankaonekanso okwiya. Ankangodikira.

"Asonyezeni anzanga. Alendo a ku Latem anaona, nanga awa alakwa chiyani?"

Lieselot anayang'ana chitseko. Akanatha kutuluka, ndipo ankadziwa kuti bambo ake sakanamuletsa. Akanangomuthokoza mwaulemu chifukwa cha galimoto, lero ndi masiku onse otsatira. Anatenga kansalu kaja, konyowa, konunkha mowa, n'kukasomeka pakhosi. Anakweza mapewa. Ananyamula tambula ya a Omer kachala kali m'mwamba, n'kugunditsa zidendene, n'kuwerama.

"Zoonadi, mayi," anatero. "Ndithudi, mayi."

Palibe anaseka. Amunawo anayang'anana.

"Ameneyo ndiye ndani?" anafunsa a Omer. "Woperekera zakudya kuhotela?"

"Wansembe watsopano uja," wina anatero kumbuyo.

"Akuti ndi Cyriel," anatero a Godelieve.

"Cyriel uti? Uyu?" A Omer analoza ndi chala chachikulu. "Mwana iwe, zisudzo zisiye, uzipachika magalasi omwewo. Uyu kuwerama? Nthawi ya sitalaka mwini fakitale anatsika yekha kudzatiopseza, tonse tinavula zipewa, uyu anangomuyang'ana ndudu ili pakamwa. Bishopu atabwera kudzadalitsa makina, uyu anapitiriza kudya buledi wake. Ine ndamudziwa tili ana, sindinamuonepo akuweramira munthu. Msana wake ulibe polumikizira."

Lieselot anaima pomwepo, kansalu kali pakhosi. M'maganizo anaona jekete ija, yogulidwa ndi munthu wodana ndi masitolo. Anaona bambo ake ali okha m'khitchini mwawo, mwina akuyeserera mawu a pawailesi, kuti mwana wawo asachite manyazi pamaso pa anthu ofunika. Misozi inangoyamba yokha, ndipo analibe pobisala.

A Omer anasokonezeka. "Nanga ndanena chiyani ine?"

"Sanalakwitse," anatero a Cyriel, akuyang'ana m'tambula. "Ndinaweramadi. Ndinkayesa ulemu wa ku Gent."

"Iwe?"

"Ine amene. Ndi kachala komwe."

Apo m'pamene bala yonse inaphulika. A Omer anaseka mpaka kutsokomola, wina anagwetsa chipewa, wina akufuula kuti Cyriel abwereze aone. A Cyriel anawatukwana onse mmodzimmodzi, ndi makolo awo omwe, ndipo kutukwanako kunkangowonjezera phwete. A Godelieve anatuluka kuseri kwa kauntala, n'kumuchotsa Lieselot kansalu pakhosi, n'kumupukuta nako kumaso ngati mwana.

"Basi, basi. Khala pansi. Cyriel, ndiwe galu, wamva? Mwana amamuchita zimenezi pagulu?"

"Anayamba ndi iyeyo," anatero a Cyriel.

A Godelieve anamuikira Lieselot kapu ya khofi kutsogolo. Anamwa mutu uli pansi, amuna aja atabwerera ku nkhani zawo za mphepo ya mawa. Palibe anamufunsanso kanthu, ndipo anawathokoza mumtima.

Potuluka, dzuwa linali litapendeka. A Cyriel anaima pafupi ndi galimoto, n'kuwerama kuyang'ana tayala lakutsogolo. Analiponda ndi nsapato.

"Iwe, tayala ili latha ngati mutu wa Omer. Ukufuna ufere pamsewu? Mwamuna wako uja amaona chiyani?"

Lieselot anangowatsegulira chitseko cha galimoto.

Anawatula pakhomo. Asanatsike, a Cyriel anatembenuka, dzanja lili pachitseko.

"Zinandiwawa, Lotje," anatero. "Sindikunamiza. Ndipo kwanu kuja sindibwera msanga."

"Ndamva, ababa."

"Nkhunda zija mawa azitsegulira m'mawa ku France. Ukafuna, bwera udzadikire nane. Ubwere ndi nsapato zenizeni."

Anapitadi. Anawapeza ataima kale pakati pa bwalo la kuseri, chitini cha chimanga chili m'manja, maso ali kumwera. Anaima pambali pawo. Zinamuthandiza kuti ntchito ya tsikulo inali yoyang'ana kumwamba, chifukwa kuwayang'ana kumaso anali asanathebe, ndipo panapita miyezi asanathe. Kunali mitambo yopyapyala ndi kamphepo kozizira. Nkhunda za a neba zinayamba kufika, imodzi, kenako ziwiri, zikugwa kuchokera m'mwamba ngati miyala. Za a Cyriel kunali zii.

"Zaima panjira kumwa khofi," anang'ung'udza. "Mbalame zaulesi ngati mwini wake."

Patapita nthawi kadontho kanaoneka pamwamba pa denga la tchalitchi. A Cyriel anayamba kugwedeza chitini n'kumaimba mluzu. Nkhundayo inazungulira bwalo, n'kutera padenga la nyumba, n'kuyamba kudzikonza nthenga mosafulumira, osalabadira khola.

"Lowa, chitsiru iwe! Lowa!" anakuwa a Cyriel. Kenako anamugunda mwana wawo ndi chigongono. "Usangoti chilili ngati mtengo. Tenga chitinichi uzigwedeza, ine ndikaizungulire kuseri."